Achemwali, za juzi ya adadi ija

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndikudziwa kwanuko ndi usiku kale, mumvera mawa mukadzuka, koma mumvere mpaka kumapeto, musachite zanu zija zodumphadumpha. Ndi za chithunzi chimene mwaika pa gulu chija, adadi atavala juzi imene amayi awagulira pa kaunjika ku Limbe. Yawakhala bwino, sindikukana, ndipo amayi musawauze kuti ndadandaula. Iwo angoona kuti palembedwa North Carolina, ndiye ati mwana wathu amakhala komweko, basi n'kugula. Koma juzi imeneyo ku mpira wa basketball wa Duke umene ndikukawaonetsa akabwera kuno sangavale. Ayi ndithu.

Kuno ku North Carolina, ku America, kuli mayunivesite awiri oyandikana. Duke ili muno mu Durham momwe ndimakhala, inayo ndi University of North Carolina, ili ku Chapel Hill, makilomita ngati 15 basi, msewu wake umodzi. Onse amavala buluu. Koma wa Duke ndi buluu wakuda, wa Carolina ndi woyererako, weniweniwo uli pa juzi ya adadiyo. Adadi poti ndi a Manoma chibadwire, aziti buluu ndi buluu basi. Muwauze chonchi, amva msanga: n'chimodzimodzi kukakhala pakati pa Manoma pa Kamuzu Stadium tsiku lokumana ndi Maule, iwe utavala zofiira. Akamva zimenezo safunsanso.

Sikuti tikukaonera Duke ndi Carolina, ayi. Tikiti ya masewero amenewo imafika madola masauzande, ine ndingaitenge kuti? Athuwa ndi masewero wamba a mu ligi, mu January. Koma zilibe kanthu kuti akusewera ndi ndani, munthu wolowa mu holo ya Duke atavala mtundu umenewo ndiye kuti wabwera kudzaputa dala. Samenya munthu, musaope. Amangokuloza, kukukuwiza, mwina n'kukujambula. Ndipo mipandoyo si yanga, ndi ya abwana anga ku ntchito. Iwowo ali ndi mipando ya chaka chonse, ndipo kuti munthu akhale nayo amayenera kumapereka ndalama zambiri ku sukuluko chaka ndi chaka, pamwamba pa mtengo wa tikiti. Sabwereketsa aliyense. Pa ofesi pathu pali azungu akhala zaka ndi zaka sanapatsidwepo, koma ine nditangonena kuti bambo anga akubwera, okha anati uwatenge akaone. Mwamva? Mlongo wanu kuno si munthu wamba. Ndiye tangoganizani, anzawo oyandikana nawo mipando akawauze kuti alendo anu anabwera atavala za adani.

Juziyo abwere nayo, asaisiye. Tsiku lina tidzapita ku Chapel Hill kukayenda mu Franklin Street, kumeneko adzaivale, anthu aziwamwetulira, tijambule chithunzi amayi asangalale. Ya buluu wakuda ndigula konkuno, mungonditumizira saizi. Ndikuona ngati anenepako.

Tsono muwakonzekeretse za phokoso, chifukwa iwo akuganiza kuti basketball ndi masewero a ana a sukulu, owonerera anthu makumi awiri atakhala phee. Holoyo dzina lake ndi Cameron Indoor Stadium, ndi yakale, inatsegulidwa mu 1940, ndipo imalowa anthu 9,314 okha. Ya Carolina imalowa anthu opitirira 21,000. Koma kuchepa kwakeko ndi kumene kumaopsa, chifukwa phokoso lilibe kothawira, limangobwerera m'makutu mwanu. Mipando yabwino kwambiri, ya m'mphepete mwenimweni mwa bwalo, anaipereka kwa ana a sukulu, osati kwa mabwana. Amatchedwa Cameron Crazies, ndipo misala yake ndi yeniyeni. Sakhala pansi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ena adzipaka penti wa buluu nkhope yonse, anyamata ena ali chifuwa pamtunda. Akayamba kudumpha onse pamodzi, mabenchi amachita kugwedezeka.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti misala yakeyo ndi yokonzekera. Sikuti aliyense amangokuwa zake. Masewero asanayambe amagawana mapepala olembedwa za osewera a timu inayo, uyu anachita chakuti, uyu amakwiya msanga ndi chakuti, ndiye akayamba kumunena amanenera pamodzi, mawu amodzi, nthawi imodzi. Wosewera wa timu inayo akaima kunja kwa mzere kuti aponyere mnzake mpira, onse amatambasula manja kumuloza, zala zikunjenjemera, kungotsala pang'ono kumukhudza, koma osamukhudza. Wina akaponya mpira n'kuphonya osagunda ngakhale ring'i, amamuimbira nyimbo yomuseka, ndipo akangougwiranso mpira amamukumbutsa. Wina akachita mafaulo asanu amatuluka osabwereranso, ndiye amamuperekeza ndi manja mpaka akhale pansi, akangokhala onse amamutsanzika kamodzi. Apo adadi aseka mpaka misozi, ndikuwadziwa.

Eya, za matenti, ndisanaiwale. Tikamakalowa tidzadutsa pa kapinga pamene padzakhale matenti ambirimbiri, anyamata ndi atsikana atadzikuta mabulangete. Chonde muwauze adadi kuti si anthu ovutika. Mukuwadziwa mmene alili, angathe kutulutsa ndalama m'thumba n'kuyamba kugawa, kapena kuyamba kuwafunsa kuti makolo anu ali kuti. Amenewo ndi ana a pa sukulu yomweyo, ambiri a iwo makolo awo ndi olemera kuposa mudzi wathu wonse. Akudikira malo oonera masewero a Duke ndi Carolina. Ana a sukulu salipira pakhomo, koma malo awo ndi ochepa, ndiye amene wagona panja nthawi yaitali ndi amene amaima kutsogolo. Ena amagona milungu ingapo, m'nyengo yozizira, pamene usiku madzi amatha kuuma panja. Tenti imodzi imakhala ya gulu la anthu mpaka 12, amasinthana, wina kukalasi wina kutenti. Ali ndi akapitawo awo, ana a sukulu anzawo, amene amatha kuliza sairini pakati pa usiku kuti awerenge anthu. Gulu likapezeka losakwana kangapo, malo apita. Ena amachita kulemba mayeso a mbiri ya timu kuti aloledwe kumanga tenti. Mayeso, achemwali! Kuti ukagone pansi! Kuzizira kukanyanya amawalola kukagona m'nyumba, koma kukangofundako pang'ono amabwerera.

Zimenezi zinayamba mu 1986, ndipo malowo amatchedwa Krzyzewskiville, kutengera dzina la kochi wawo wakale, Mike Krzyzewski. Adadi asavutike kulitchula, aliyense amangoti Coach K. Anaphunzitsa timuyi kuyambira 1980 mpaka 2022 ndipo anatenga chikho cha makoleji a dziko lonse la America kasanu. Tsono apa ndi pamene pali nkhawa yanga ina. Tikatha masewero abwana akufuna tikadye nawo, ndipo adadi pa basketball yonse dzina limene amalidziwa ndi limodzi, Michael Jordan. Ayambitsa nkhani ndi dzina limenelo, ndikulumbira. Koma Jordan anasewera ku Carolina, ndi amene anaponya mpira umene unawapatsa chikho mu 1982. Kumutchula si mlandu, koma asachite kumutamanda mphindi makumi awiri monga amachitira akayamba za osewera akale a Manoma. Ndipo za 2022 asazikhudze n'komwe. Chaka chimenecho Carolina inabwera mu holo yomweyo tsiku limene Coach K ankatsanzika kwawo, n'kuwagonjetsa. Patangotha mwezi anakumananso ku New Orleans mu ndime yachiwiri kwa yomaliza ya chikho, Carolina n'kupambananso, ndipo amenewo ndiwo anali masewero ake omaliza. Abwana anga mpaka lero nkhaniyi ikatuluka amasintha nkhope. Akafuna chonena, angoti holo yanu ndi yokongola, ana anu ali ndi mphamvu, basi, ine ndipitiriza.

Kodi mvula yayamba bwino kumeneko? Pa chithunzi paja kuseri kwa adadi ndaona mango atapsa mu mtengo wa kuseri kwa khitchini uja, mtima wanga unachita kuwawa. Kuno mango alipo m'sitolo koma ndi okongola maso okha, kukoma kulibe. Ndipo ndamva kuti ukwati wa msuweni wathu uja ausunthanso. Kachitatu kodi? Ine ndinanena kale kuti mnyamata ameneyo sindimumvetsa, koma munati ndili kutali ndikhale chete. Chabwino, ndakhala chete. Ndalama yanga ya zakumwa ija muisunge inuyo, musapereke kwa wina aliyense mpaka tsiku lidziwike.

Ndimati chiyani paja? Eya, vuvuzela. Ndinamva mwana wanu akunena kuti agogo alongedza vuvuzela wawo wa buluu. Atuluke m'sutikesi. Malamulo a masewero a m'makoleji kuno salola zoimbira zobwera nazo wekha, kaya lipenga, kaya wezulo, kaya ng'oma. Amene amaloledwa ndi bandi ya sukulu yokha, nayonso imaimba mpira ukaima. Ena tonse ndi pakamwa ndi m'manja. Pakhomo amasecha, ndiye kampeni kamene amamangirira ku makiyi kaja katsale kunyumba, chikwama chawo chachikulu chija chimodzimodzi. Matikiti ali mu foni yanga, palibe pepala, ndiye asandithawe n'kutsogola monga amachitira ku depoti. Akatsogola akaima pakhomo okha.

Masewero asanayambe amaimba nyimbo ya fuko lawo. Aimirire, avule chipewa, basi, safunika kuimba. Zimenezo sindikuda nazo nkhawa, adadi pa ulemu ndi akatswiri. Nkhawa yanga ili pa oyimbira. Mukudziwa mawu amene amatuluka refa akalakwitsa. Aziti palibe akumva Chichewa, koma nkhope ndi chala zimamveka m'chilankhulo chilichonse, ndipo ife tikhala m'mwamba, kumene kumakhala achikulire amene akhala pa mipando yomweyo zaka zambiri. Amakuwa nawonso, koma mwa ulemu wake. Kudandaula adandaule, kukuwiza akuwize pamodzi ndi anzawo, koma za mayi ake a refa zitsale ku Blantyre.

Muwauzenso kuti asamakuwe kuti chigoli nthawi iliyonse mpira ukalowa, mawu atha mphindi zisanu zisanakwane. Timu imodzi imatha kufika mapointi 70 kapena 80. Mpira ukalowa ndi mapointi awiri, akaponyera kutali kunja kwa mzere wokhota uja ndi atatu, pamenepo ndiye aimirire akuwe mmene angathere. Wosewera akachitiridwa faulo n'kuima yekha pa mzere kuti aponye, ayang'ane kaye kuti ndi wa timu iti. Akakhala wa Duke holo yonse imakhala chete kuti asasokonezeke, akakhala wa timu inayo ndiye phokoso lonse limene muli nalo. Asasinthanitse zimenezi, chonde. Zigawo ndi ziwiri, chilichonse mphindi 20, koma wotchi imaimaima, ndipo amapumira pafupipafupi kuti a TV aike malonda awo, ndiye zonse zimatenga pafupifupi maola awiri. Akaona osewera apita kukakhala, bandi yayamba, atsikana akuvina pabwalo, asanyamuke kuti kwatha. Ndipo kukathadi, pabwalo salowapo. Ngakhale tipambane bwanji.

Akamva za moto asadabwe, anzanga ena awauza ndithu. Duke ikagonjetsa Carolina ana a sukulu amawotcha mabenchi a matabwa pakati pa sukulu, atatenga chilolezo. Carolina ikapambana anthu amadzaza Franklin Street usiku. Koma zimenezo ndi za tsiku limenelo lokha, ife sitiziona.

Mwina ndidzawatengeranso ku North Carolina Central University, ili muno mu Durham momwemo, sukulu imene inakhazikitsidwira anthu akuda. Kumeneko tikiti si yodula, ndipo ng'oma za bandi yawo ndi mavinidwe ake, ndikuganiza adadi akakonda kumeneko kuposa ku Duke. Koma tiona mmene bondo lawo likhalire.

Bondolo ndiye likundidetsa nkhawa kwenikweni. Galimoto timaimika patali ndithu, tiyenda wapansi kunja kukuzizira, kenako masitepe. Panja m'pozizira koma mkati anthu akadzaza mumatentha, ndiye avale zophatikiza zoti atha kuvula, osati chijasi chimodzi chokhuthala. Nsapato zikhale zofewa, za ku tchalitchi zija ayi. Zotseka m'makutu ndigula, ngakhale ndikudziwa akana kuvala. Mankhwala a BP akhale m'kachikwama ka m'manja pokwera ndege, m'mabotolo ake omwe olembedwa dzina lawo, pamodzi ndi kalata ya adokotala, musawathire m'kapepala. Ndipo muwawerengere okwanira ulendo wonse ndi ena apadera, kuno mankhwala amenewo sungangolowa m'sitolo n'kugula popanda kuonana ndi dokotala, ndipo kuonana naye kokhako ndi ndalama zoopsa. Ndiyimba Lamlungu mukaweruka ku tchalitchi, adadi akhale pafupi koma amayi muwatume kwa aneba kaye. Moni kwa alamu.