Moto wa pa Kaphirintiwa: chifukwa chake zilombo zimabwera pamaliro

[Chithunzi: usiku, moto ukuyaka pabwalo, ng'oma zikumveka chapatali]

Mukamva mbalule, ng'oma ya Gule Wamkulu, ikulira usiku pamudzi pomwe pagwa zovuta, musafulumire kunena kuti anthu akusangalala pamaliro. Ili ndi tsiku la ntchito. Kwa Achewa, munthu akatsirizika mpweya ulendo wake umakhala utangoyamba kumene, ndipo sangaumalize yekha. Otsala ndiwo amamuperekeza, miyezi ndithu, mpaka akafike kwa makolo. Muvidiyo ino tiutsata ulendowu, koma tiyambire kumene imfa inayambira.

[Chithunzi: mapiri a Dzalanyama m'bandakucha]

M'mapiri a Dzalanyama, kumalire a Malawi ndi Mozambique, kuli malo otchedwa Kaphirintiwa. Akuluakulu amati pachiyambi dziko linali louma, lopanda chamoyo. Tsiku lina kumwamba kunatseguka, mvula inagwa, ndipo pamodzi ndi mvulayo anatsika Chauta, mwamuna ndi mkazi, ndi nyama zonse. Anthu awiriwo anali atanyamula khasu, lichero ndi mtondo. Mwala umene anaterapo unali wofewa, mapazi awo anadindika, kenako unauma. Chauta, anthu ndi nyama ankakhala malo amodzi popanda woopa mnzake.

Zinasokonekera pamene munthu anapeka moto.

Apa tiime pang'ono, pakuti ambiri amaidutsa mbali imeneyi ngati nkhani wamba. Kupeka moto kumafuna timitengo tiwiri touma, kena kofewa, kena kolimba. Kofewa mumakagoneka pansi n'kukaponda ndi phazi, mumakumba kadzenje kakang'ono ndi kudula kamphako m'mbali mwake. Kolimba mumakaimika m'kadzenjemo n'kumakapota pakati pa zikhatho, manja akutsika uku akukanikiza. Ufa wa mtengo umene ukuperesekawo umagwera m'kamphako, umada, umafuka utsi, kenako mumaoneka kakhala kofiira. Kakhalako mumakaika pa udzu wofewa n'kuuzira pang'onopang'ono. Mtengo ukakhala wauwisi mungotuluka matuza. Mukapumira pakati, kutentha konse kumathawa, muyambirenso. Ndiye onani: moto sunamugwere munthu mwangozi ngati mphezi. Anaufuna, anautulutsira thukuta. Ndipo akuluakulu akamati kolimba n'kamwamuna, kofewa n'kamkazi, omva amamva.

[Chithunzi: tchire likupsa, utsi, mbalame zikuuluka]

Motowo unagwira tchire. Nyama zinathawa ndi mkwiyo, ndipo kuyambira pamenepo zimamuopa munthu. Galu ndi mbuzi zokha n'zimene zinathawira kwa iye. Bilimankhwe anakwera mumtengo n'kuitana Chauta kuti amutsate, koma Chauta anati wakalamba, sangakwere. Kangaude ndiye anatsitsa ulusi wake, Chauta n'kukwera nawo kumwamba. Ali kumeneko analamula kuti munthu azifa, kuti akamupeze komweko.

Nthanoyi siitchula mdani wochokera kunja. Imfa inabwera ndi luso la munthu yemweyo, luso lomwe limamuphikira chakudya, kumuumbira mbiya ndi kumusulira khasu. Chaka ndi chaka, chilimwe chikafika pachimake, tchire limapsa, nyama zimathawa, kumwamba kumachita utsi, anthu n'kumadikira mvula yoyamba ija ya chizimalupsa. Nthano ya Kaphirintiwa imachitika pamaso pathu chaka chilichonse.

[Chithunzi: bwalo masana, amayi aima mzere akuomba m'manja]

Tsono Gule Wamkulu amalowa pati? Taonani amene amakumana pabwalo. Pali zilombo zooneka ngati nyama zochokera kutchire. Pali zina za nkhope ya munthu, zomwe ndi mizimu ya makolo yochokera kumanda. Pali anthu a m'mudzi, amayi akuimba ndi kuyankha nyimbo. Amene analekana pa Kaphirintiwa aja abwererana, kwa masiku ochepa, pamtsuko umodzi wa mowa. Kufotokoza kotereku kunamveka kwambiri kudzera mwa Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Netherlands amene anafufuza chipembedzo cha makolo m'Malawi, ndipo kumagwirizana ndi zomwe maso amaona pabwalo. Za kudambwe, malo obisika a gule, sitizikamba pano. Zimenezo n'za ogula njira, amene analowa gule.

Munthu akamwalira, mfumu imauzidwa kaye, kulira kusanayambe. Mtembo umagona m'nyumba ya siwa momwe amayi amachezera, abambo ali panja pamoto. Manda amakumba ndi adzukulu, ndipo iwowa si abale a womwalirayo: ofedwa sadziikira okha maliro. Ngati womwalirayo anali wometa, ndiye kuti wolowa gule, kapena munthu wamkulu pamudzi wa mzinda, mudzi wokhala ndi bwalo la gule, gule amatuluka. Apa m'pamene mungaone Kasiyamaliro, chilombo chachitali chooneka ngati ntchefu, cha nyanga ziwiri ndi msana wopindika. Dzina lake likunena kale ntchito yake: chimaperekeza maliro n'kukawasiya kumanda.

Patapita masiku ochepa chiikireni, abale amameta tsitsi. Uku n'kumeta koyamba. Anthu ambiri amaganiza kuti maliro athera pomwepa, koma ayi. Mwa chikhulupiriro cha makolo, thupi likadali kuwola m'manda mzimu umakhala pakati, kuno wachoka, uko sunalandiridwe. Umazungulira nyumba yake, umabwera kumaloto. Nyengo imeneyi ndiyo yoopsa.

[Chithunzi: dzanja likutapa mchere, kenako n'kuubweza]

N'chifukwa chake pamaliro pamakhala kudika, ndiko kuti kusagonana mpaka mwambo utatha. Mwa mwambo, munthu amene wagona ndi mkazi kapena mwamuna amakhala wotentha, pomwe khanda, wodwala, namwali ndi wofedwa amakhala ozizira. Wotentha akakhudza wozizira, kapena kumuthirira mchere m'ndiwo, amamudula. Umenewo ndiwo mdulo, ena amati tsempho: chifuwa chosatha, kutupa nkhope ndi miyendo, kuwonda. Moto wa pa Kaphirintiwa uja wabweranso, tsopano uli m'thupi la munthu. Lamuloli limagwira ntchito yooneka ndi maso, limamangirira mudzi wonse pa chisoni cha banja limodzi, pakuti aliyense amadziwa kuti zochita zake zamseri zingapweteke mwana wa mnzake. Koma tinene mosabisa: chifuwa chopitirira milungu iwiri, kutupa miyendo ndi kuwonda ndi zizindikironso za chifuwa chachikulu, kuchepa kwa magazi ndi kunyentchera. Mwambo ukonzedwe, koma wodwalayo akayezedwe kuchipatala msanga.

[Chithunzi: chimera chili padzuwa, migolo ya mowa ili pamoto]

Kumeta kwachiwiri, kumene ena amati mpalo, kumachitika pakatha miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka, nthawi zambiri anthu atakolola. Chifukwa chake n'chosabisika, pamafunika chimanga chambiri. Mowa wa masese suchitika tsiku limodzi. Chimanga kapena mawere amaviika m'madzi tsiku limodzi kapena awiri, amavundikira mpaka zitamera, amayanika, n'kusinja. Chimenecho ndicho chimera. Kenako amaphika phala m'migolo, likazizirako amathira chimera, n'kukhala thobwa. Amawiritsanso, amathiranso chimera, n'kuusiya kuti usase. Mukathira chimera phala likadali lowira, mwachipha, mowa sutsekemera ndipo suwira. Mukausiya kupitirira, usanduka vinyo wosasa. Kuyambira pophika mpaka pomwa pamatha pafupifupi sabata, ndipo zilombo zimabwera motsatira masiku a mowawo. Mowa ukakanika, akuluakulu sayamba n'kufunsa za nkhuni. Amafunsa kuti ndani sanadike.

Usiku womaliza ndiwo wa zilombo zikuluzikulu. Chimkoko, chachitali ngati njoka ya miyendo yambiri, chimatulukira mumdima. Njovu siioneka wamba, imadikira maliro a mfumu kapena a munthu wolemekezeka kwambiri. Chilombo chimapita kunyumba ya womwalirayo kukatenga mzimu uja unkazungulira, n'kupita nawo kumanda kwa anzake.

Masana pamabwera a nkhope ya munthu, ndipo apa owonera amaseka n'kumadziseka okha. Chadzunda amalowa akutsimphina, nkhope yakuda ya makwinya, nkhalamba yeniyeni. Akangoona amayi, mphamvu zonse zabwerera. Maliya amavina monyada. Simoni, wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, amaonetsa mlendo wosadziwa mwambo. Palinso zilombo zooneka ngati galimoto ndi ndege, chifukwa gule amaona chilichonse cholowa m'mudzi. Njira yake yophunzitsira ndi yokhotakhota: mzimu umachita poyera zimene wamoyo amabisa, dyera, chiwerewere, kuledzera, kudzikuza. Palibe wotchulidwa dzina. Woledzera amaseka pamodzi ndi anzake, koma nyimbo imamutsata mpaka kunyumba.

Nanga mwambo ukalumphidwa? Amati mzimu wosaperekezedwa umasanduka chiwanda, wosowa kwao, wovutitsa amoyo ndi maloto ndi matenda. Banja limapita kukaombeza, ndipo yankho kawirikawiri limakhala lakuti mwamuiwala uje. Nsembe yake ndi yaing'ono: ufa wosungunula m'madzi kapena mowa pang'ono, kuthira patsinde pa mtengo wa msolo kapena pakachisi, mkulu wa banja akutchula mayina a makolo mmodzimmodzi, ena akuomba m'manja. Dzina la womwalirayo limadzapatsidwa kwa khanda la m'banjamo. Mukadzamva gogo akutcha kamwana koyamwa kuti amayi, sanasokonezeke mutu.

[Chithunzi: zojambula zoyera pathanthwe]

Ofuna kuona ndi maso, ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula pamiyala, zina zoyera zofanana ndi zilombo za gule, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Gule Wamkulu weniweniyo analengezedwa ndi bungwe lomweli mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ku Mua, ku Kungoni, malo a chikhalidwe ndi zaluso amene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, kuli nyumba ya Chamare yosunga nkhope za gule mazana angapo. Ndipo kumapeto kwa Ogasiti, ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, magule a mayiko atatuwa amakumana pa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi.

Mukakumana ndi chilombo panjira, patukani. Ndalama yosupa ikani pansi, osapereka m'manja. Musafunse kuti ndi yani, musachitsate komwe chikulowera, ndipo foni isatuluke m'thumba musanapemphe kwa mfumu kapena atsabwalo.

[Chithunzi: kukucha, utsi ukukwera kuseri kwa mitengo ya kumanda]

Mowa ukatha, tsitsi likametedwa kachiwiri, zilombo za udzu ndi makoko a chimanga zija zimabwerera kutchire. Kumeneko zimatenthedwa ndi moto.