Thiraki Yaimitsidwa Pamsewu: Kodi Ofufuza Amayang'ana Chiyani?

[Chithunzi: thiraki yakhotera m'mbali pafupi ndi sikelo ya Mwanza]

Adalaivala, mapepala ndiye oyamba: laisensi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshuwalansi. Apa sipachedwa. Zimene zimagoneka thiraki pamsewu zili kunsi kwake.

[Kamera pa geji ya mpweya]

Wofufuza wodziwa ntchito amagwiritsa ntchito khutu. Popeza mabuleki a thiraki amayendera mpweya, akuuzani kuti mudzaze mpweyawo mpaka geji ifike cha pa 8 bar, muzimitse injini, mumasule handibuleki matayala atatsekeredwa, kenako muponde buleki osasiya kwa miniti yathunthu. Iye akuzungulira, akumvetsera. Kukamveka "tsiii" pa mapaipi olowa ku ngolo, kapena muvi wa geji ukamatsika mukuwona, mpweya ukutuluka.

Kenako amagwada n'kusuzumira kandodo kotuluka mu brake chamber, kachitini komwe mpweya umalowamo n'kukankha buleki. Malaining'i (zimene zimakanikiza diramu ya tayala kuti liime) akadyeka ndipo slack adjuster (kachitsulo kochepetsera mpata wa buleki) sinakonzedwe, kandodoko kamayenda mtunda wautali koma buleki ya tayala limenelo sigwira. Pamsewu wosalala simungadziwe. Mudzadziwira potsika Chiweta: matayala otsalawo asenza ntchito yonse, madiramu atentha, afutukuka, phazi lili pansi koma thiraki ikupitabe. N'chifukwa chake ofufuza ena amayandikitsa dzanja pa diramu iliyonse. Yozizira pakati pa zotentha ndiye yaulesiyo.

[Kamera pa matayala akumbuyo]

Tayala lam'kati limabisala. Likaphwa, lakunja limalinyamula, ndiye amaligogoda ndi chitsulo: lodzaza limalira, lophwa limangoti "phu". Mzere wa dzimbiri wochokera pa nati ukutanthauza kuti natiyo yakhwepa ndipo ikusewera. Musaupukute n'cholinga chobisa, mangani natiyo.

Magetsi, mathirayango, chozimira moto ndi zonyezimira zakumbuyo amangoona mwachangu, koma zikasowa chindapusa chilipo.

[Thiraki ikukwera sikelo]

Pa sikelo ambiri amangowerengera matani 56, malire a thiraki ndi ngolo yake m'maiko ambiri a SADC. Koma sikelo imayezanso ekiselo iliyonse (chitsulo chopingasa chomwe chimanyamula matayala): matani 8 yakutsogolo, 18 pa ziwiri zoyandikana, 24 pa zitatu. Matumba a feteleza akaunjikana kumbuyo kwa ngolo, kulemera konse kutha kukhala bwinobwino koma ekiselo zakumbuyo zapyola. Pamenepo thiraki sinyamuka mpaka katunduyo asanjidwenso, thumba ndi thumba.