Makalata a omvera: Chikwakwa chalakwira njuchi

Takulandirani nonse, kuyambira ku Ulongue mpaka ku Furancungo, kuno m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Thumba la sabata ino ladzaza ndi madandaulo a m'munda.

Tiyambe ndi mayi a ku Domue. Akuti: "Ndinasiya chewe ndi luni m'mphepete mwa munda kuti zichite maluwa. Bambo a kunyumba anazitchetcha zonse, ati ndi tchire la ulesi wanga. Pano timaungu tikungothothoka tisanakule."

Amayi, kalata yanuyi yandigwira mtima. Ng'amba nayonso imagwetsa maungu, koma taonani izi. Pa chomera chimodzi cha dzungu pamakhala maluwa aamuna ndi aakazi. Lalikazi ndi lija lili ndi kadzungu kunsi kwake, ndipo limatseguka m'mawa umodzi wokha basi. Njuchi ikapanda kubweretsa mungu m'mawa umenewo, kadzunguko kamachita chikasu n'kugwa. Nanga njuchi izolowera bwanji munda wopanda chakudya? Chewe ndi wathu konkuno, safuna feteleza, ndipo dzuwa likaswa mtengo iye amapirira. Duwa lake lili ngati kabelu, njuchi imalowamo mutu wonse n'kutuluka itayera ndi mungu. Luni mufese pamwamba, osakwirira kwambiri. Mbewu yake yongokolola kumene imachedwa kumera, choncho iyambe yakhala miyezi ingapo pouma. Pothyola ndiwo muzisiyako mitengo ina ichite maluwa.

Tsono inu bambo, ndikudziwa muli pafupi ndi wailesi. Thelele la chewe mumalimeza bwinobwino, mwinanso kupempha lowonjezera. Mukuganiza limagwa kuchokera kumwamba? Apepeseni mayiwa, chikwakwacho chikagwire ntchito kumsewu.

Achimwene a ku Tsangano, mwafunsa za mankhwala: ngati kupopera tomato n'kosapeweka, poperani madzulo njuchi zitabwerera kumng'oma.

Achemwali a ku Zobue akufunsa sitolo yogulitsa mbewu ya chewe. Sungani metikali yanu, pitani kuthengo zikhokhombe zikauma.

Agogo a ku Moatize, moni wanu wafika, adzukulu amva.

Makalata ambiri otsalawa akudandaula za moto wolusa. Abale anga, chaka chilichonse nkhani yomweyomweyi. Munthu aotcha phiri lonse chifukwa cha mbewa zosadzaza ngakhale mpani umodzi. Motowo umapsereza mbewu za maluwa a kuthengo, ming'oma, ndi udzu wofolerera nyumba zathu zomwe. Mafumu, itanani misonkhano udzu usanaumitsitse, ndipo a ming'oma lambulani mozungulira mitengo yanu. Nthawi yatithera, makalata a ku Chifunde tiwerenga sabata yamawa.