Mafuta a mu nsomba si a nsomba: mwini wake ndi ndere

(Chithunzi: mackerel ili mu poto, mafuta akuthetheka)

Muli bwanji abale anga? Nsomba mukuionayi ndaigula m'mawa uno kuno ku Lusaka, koma kwawo ndi ku Namibia, ku nyanja yamchere. Madokotala amati tizidya nsomba chifukwa muli omega-3. Sanama. Koma mafuta amenewa nsombayi sinawapange yokha. Inachita kudya, monga mmene ife tikudyera iyoyo. Mwini mafuta ndi tindere ting'onoting'ono toyandama pamwamba pa nyanja, tosaoneka ndi maso. Tizilombo ta m'madzi timadya tindereto, nsomba nkudya tizilomboto, basi mafuta ayenda mpaka afika pa nsima yanu ku Matero.

(Chithunzi: ndere pa maikulosikopu)

Nanga ndere imawapangira chiyani? Sikuti imaganizira za mtima wanu ayi. Ikudziteteza ku chisanu.

Kumbukirani m'mawa wa mu July, mbale ya nyama ya ng'ombe itagona. Mafuta aja amauma, kuchita kuyera ngati kandulo. Koma saladi mu botolo ali chiyendere. Kusiyana kwake kuli m'kapangidwe. Mafuta ndi tcheni cha kaboni. A ng'ombe aja, matcheni ake ambiri ndi owongoka ngati nzimbe, ndipo nzimbe mukazimanga mtolo zimagwirana thi. Matcheni a saladi ndi okhota. Yesani kumanga mtolo wa nkhuni zokhota: mipata thoo, mtolo wagwedegwede. Mafuta otere sauma msanga.

Khungu la selo la ndere (selo ndi kachipinda kakang'ono kopanga thupi la chamoyo) ndi la mafuta. Likauma ndi kuzizira, chakudya sichilowa bwino, ntchito zonse zimaima. Ndiye ndere imakhotetsa matcheni ake. Pamene pakhota, akatswiri amati pali double bond, ndipo mafuta okhota malo awiri kapena kuposa ndiwo amatchedwa polyunsaturated. Onani manambala awa: stearic acid, wowongoka wa m'mafuta a ng'ombe aja, amasungunuka pa madigiri 69. DHA, mtundu wa omega-3 wokhota malo 6, amakhalabe wamadzimadzi mpaka pafupifupi madigiri 44 pansi pa ziro. Filiji yanu singamuumitse.

(Chithunzi: amisiri m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata)

Tsopano kapangidwe kake. Ndikadutsa ku Kalingalinga ndimaima kuonerera opanga mageti. Wina adula chitsulo, wina awotcherera, wina apinda. Palibe amene amagwira zonse yekha. Mu selo la ndere mulinso amisiri otere, ma enzyme.

Ntchito imayambira mu chloroplast, mbali ya selo imene imakola dzuwa. Ndere imatenga mpweya wa carbon dioxide m'madzi, ndipo ndi mphamvu ya dzuwa imapanga tizidutswa ta makaboni awiriawiri, totchedwa acetyl-CoA. Mmisiri woyamba amalumikiza tizidutswato, awiri, awiri, awiri, mpaka tcheni chifike makaboni 16 kapena 18. Apa chikadali chowongoka.

Kenako pamabwera wopinda. Dzina lake desaturase. Iyeyu amachotsa mahaidrojeni awiri pa malo amodzi, tcheni nkukhota pomwepo, ndipo kuti agwire ntchito amafuna okosijeni. Koma ndi wamakani: aliyense ali ndi malo ake. Wa pa kaboni nambala 9, tikawerenga kuyambira kumutu kwa tcheni, amapinda pa 9 pokha, nkutuluka oleic acid. Wa pa 12 akawonjezera, watuluka linoleic acid. Wa pa 15 akapindanso, tapeza ALA, omega-3 woyamba, yemwe alinso mu soya.

Apa ndi pomwe pali nkhani yathu anthufe. M'thupi mwathu mulibe wopinda wa pa 12, mulibenso wa pa 15. Nchifukwa chake mafuta awiriwa, linoleic acid ndi ALA, tiyenera kuchita kudya. George Burr ndi mkazi wake Mildred ndi amene anaonetsa mu 1929 kuti makoswe omanidwa mafuta amadwala, ngakhale apatsidwe zakudya zina zonse.

Soya amalekera pa makaboni 18. Ndere ya m'nyanja siimira pamenepo. Tcheni chimapita ku mbali ina ya selo, endoplasmic reticulum, ndipo kumeneko amisiri awiri amasinthana. Wopinda apinda pa 6. Wotalikitsa, elongase, awonjezera makaboni awiri, chafika 20. Wopinda wina apinda pa 5. Watuluka EPA, omega-3 wina: makaboni 20, kukhota malo 5. Mitundu ina ya ndere imapitiriza: atalikitse kufika 22, apinde pa 4, ndiye DHA ameneyo, makaboni 22, kukhota malo 6. DHA yu ndi amene amapezeka wambiri mu ubongo wanu komanso kumbuyo kwa diso. Thupi lathu limayesako kusandutsa ALA kukhala EPA ndi DHA, koma limatulutsa pang'ono kwambiri.

Mwina mukufunsa kuti "3" uja achokera kuti. Werengani makaboni kuyambira kumchira wa tcheni. Kukhota koyamba kukakhala pa wachitatu, ndi omega-3. Palibe zamatsenga.

Si ndere zonse zofanana. Nannochloropsis ndi Phaeodactylum ndi akatswiri a EPA. Pali kamoyo kena, Schizochytrium, komwe amalonda amakatcha ndere ngakhale sikagwiritsa dzuwa. Ikoko kali ndi makina ena, PUFA synthase, opinda tcheni pomwe chikulumikizidwa, osadikira okosijeni. Amakaweta m'matanki achitsulo, nkumakadyetsa shuga, ndipo DHA wake ndi amene amalowa m'makapisozi komanso mu mkaka wa m'chitini wa ana.

Oweta ndere ali ndi mutu wawo wowawa. Ukaimana nayitrojeni, ndere imanenepa, mafuta ambiri, koma ochuluka amakhala owongoka aja. Ukaiziziritsa, okhota amachuluka, koma imakula mochedwa.

(Chithunzi: mulu wa kapenta pa msika wa Soweto)

Wina anena kuti, "Ife kuno kulibe nyanja yamchere." Zoona. Koma ndere za m'madzi athu nazonso zimapanga mafuta omwewa. Kapenta wa ku Siavonga, amene makolo ake anachokera ku Tanganyika kukaikidwa mu Kariba m'ma 1960, amadya tizilombo todya ndere. Choti mudziwe nchakuti malo okhota aja ndi pomwe mpweya umalumira. Ndiye kapenta akakhalitsa padzuwa, nkufiira, nkuyamba kafungo kowawa kaja, ndi mafutawo akuwonongeka. Mukapita kwa amayi a pa Soweto, nunkhizani kaye musanalipire.