Za ku Joni: Amupatsa mapiritsi m'malo mwa jakisoni

Moni a ku Joni kuno, a ku Cape Town, ndi inu akumudzi amene mumatimvera bandulo ikapezeka. Ndangofika kumene kuchokera ku kiliniki, nsapato sindinavule.

Ndinaperekeza mnyamata wina wakwathu, dzina sinditchula. Anandionetsa timadontho m'zikhatho ndi kumapazi, tosayabwa. Akuti miyezi yapitayo kumaliseche kunatuluka kachilonda kosawawa, kanapola kokha, iye n'kumati zatha. Atamuyeza magazi, chindoko.

Nesi anati jakisoni wa benzathine penicillin watsala wochepa, akusungira amayi oyembekezera. Anamupatsa mapiritsi a doxycycline, 100 mg m'mawa ndi madzulo, masiku 14. Mu taxi monse mnyamata akungodandaula: "Achimwene, andimana jakisoni poti ndine mlendo."

Ndikumumvetsa. Ndani mwa ife sanabwezedwepo pageti pa chipatala ndi anthu osavala n'komwe yunifolomu, ati onetsa mapepala? Pomwe gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense, osati nzika zokha, ali ndi ufulu wopeza chithandizo chachipatala. Ndiye bwana wake, munthu amene amamumangira mipanda dzuwa lili pamutu, wamudula ndalama ya tsiku lonse, kalata yachipatala ili m'manja! Ife Amalawi ntchito timaigwira, aliyense akudziwa, koma tikadwala timasanduka katundu.

Koma pa mapiritsiwa sanamupondereze ayi. Tinakula tikukhulupirira kuti mankhwala enieni ndi obaya. Doxycycline ndi amene ngakhale a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati aperekedwe ngati penicillin palibe kapena ngati thupi la munthu limadana naye. Mayi wapakati sapatsidwa doxycycline. Penicillin ndiye amafika mpaka kwa mwana m'mimba n'kumuchiza. Chindoko chikasiyidwa, mwana amatha kubadwa wakufa. Nesi uja anachita bwino.

Tsono anyamata, ndimvereni. Jakisoni amakubaya, ntchito n'kumagwirika yokha. Mapiritsi amadalira iweyo. Madontho akazilala usaleke, usagawire mnzako wa m'chipinda, usasungire Disembala. Amene matenda anakhalitsa amamwa pafupifupi mwezi wathunthu, ndiye masiku 14 akulemere? Mwera madzi odzadza kapu ndipo usagone pompo, amawotcha kummero. Usatsitsire amasi (chambiko) kapena mkaka. Inu a pa konsitilakishoni valani chipewa ndi malaya a manja aatali, chifukwa mankhwalawa amapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Za kuchipinda ziyambe zaima, ndipo akakuuza tsiku lodzayezetsanso magazi, bwerera.

Chandivuta ine ndi china. Mnyamatayu anali kumudzi pa Khirisimasi, ndipo mkazi wake ku Mangochi ndi woyembekezera. Amafuna kungokhala chete, akuopa apongozi. Ndamuuza kuti usiku uno aimbira pa foni yanga, ndili pomwepo, mlamu akanene kusikelo mawa lomwe, akayezedwe, akabayidwe.