Kadimba ka Kuseri kwa Nyumba ndi Ntchito ya Unamwino

Amfumu, akuluakulu a mipingo, amayi ndi abambo, ndikuthokozeni chifukwa chondipatsa mpata woyankhula pa msonkhano uno. Ambiri mwa inu mumandidziwa nditavala yunifolomu, ndipo ena ndinakubayanipo jakisoni, koma lero ndabwera kudzakamba za khasu ndi kheni, popeza anthu angapo akhala akundifunsa chimene ndimachita kuseri kwa nyumba m'mamawa, pa nthawi yomwe munthu wochokera ku naiti amayenera kukhala ali mtulo.

Ntchito ya unamwino imapweteketsa miyendo ndi msana, koma ululu umenewo umatha munthu ukasamba madzi otentha ndi kugona. Kutopa kovuta ndi kwa m'mutu. Umatha kufika pakhomo, nkuvula nsapato, nkudzitaya pabedi, koma m'makutu mukumvekabe mawu a mayi wodikirira wodwala akuitana kuti, "Anesi, dripi yatha," ndipo maganizo amabwerera kuwodi kukawerenganso mankhwala amene unapereka usiku, ngati panalibe amene unamudumpha. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti kutopa kotereku, kobwera chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali pa ntchito, ndi vuto lenileni, ndipo zizindikiro zake ndi kutha mphamvu, kuyamba kuipidwa ndi ntchito yako, komanso kulephera kuigwira bwino monga kale. Namwino akafika pamenepo, ndiye uja mumamudandaula kuti amayankha mwaukali.

Ine ndinayamba kulima mu 2020, chaka chimene matenda a COVID-19 anafika m'dziko muno. Masiku amenewo ndinkaopa kulowa m'nyumba ndi kukumbatira ana ndisanasambe, choncho ndinkayamba ndakhala panja, pafupi ndi mpanda, pomwe panamera bonongwe wongodzimerera yekha. Tsiku lina ndinayamba kuzula udzu womuzungulira popanda cholinga chilichonse, ndipo pamene ndinkadzuka, dzuwa linali litakwera ndipo kwa nthawi yonseyo sindinaganizeko za kuchipatala. Tsiku limenelo ndinagona tulo tabwino. Sabata yotsatira ndinabwereka khasu nkupanga mabedi awiri.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake dimba limapumitsa mtima chonchi, pomwe nayonso ndi ntchito yotulutsa thukuta. Yankho limene ndalipeza ndi lakuti kuwodi chilichonse ndi chachangu, ndipo ukalakwitsa kapena kuchedwa, chimene chili pangozi ndi moyo wa munthu. Kudimba kulibe chothamangira. Mpiru ukafota masana, umauthirira madzulo, ndipo m'mawa umaupeza utadzuka, masamba ali gwa. Ukauma ndithu, umauzula nkufesa wina, popanda wolira, popanda lipoti lolemba, popanda wachibale wokuyang'ana m'maso kuti umuuze chimene chachitika. Kwa munthu amene wakhala usiku wonse akusamalira moyo wosabwezereka, ndi mpumulo waukulu kusamalira chinthu chamoyo chimene chikalephereka umangoyambiranso. Manja amagwira ntchito imene amaidziwa kale, maso amakhala pa tsamba limodzi, ndipo mutu umapeza mpata wokhazikika.

Komabe ndikuuzeni pamene ndinalakwitsa, kuti wina asadzagwe m'mbuna yomweyo. Nditaona kuti masamba akuchita bwino, dyera linandilowa. Ndinawonjezera mabedi mpaka 12, ambiri mwa iwo a tomato, ndikuwerengera kale ndalama zimene ndidzapeze ndikamagulitsa kwa anzanga kuntchito. Kenako inafika sabata ya naiti m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinkafika ndili wolefuka, nkupeza mabedi ouma, masamba a tomato atachita mathothomathotho achikasu ndi tiulusi kunsi kwake, chomwe ndi chizindikiro cha akangaude ofiira aja amene amachuluka kukatentha ndi kuuma. Bilu ya madzi nayo inabwera yoopsa. Tsiku lina ndinadzimva ndikukalipira ana chifukwa chosathirira, ndi mawu omwe aja amene ndinkathawa kuntchito, ndipo ndinazindikira kuti ndadzitsegulira wodi yachiwiri pakhomo panga. Tomato yense ndinamuzula. Lero ndili ndi mabedi anayi ndi matumba ochepa, ndipo sindigulitsa kanthu. Zikachuluka ndimagawira oyandikana nawo.

Choncho kwa amene muli pa ntchito yosinthana nthawi, kaya ndinu anamwino, alonda, apolisi kapena oyendetsa galimoto, langizo langa ndi lakuti kukula kwa dimba kuyenderane ndi sabata imene mumakhala otopa kwambiri, osati sabata ya tchuthi pamene mphamvu zili zambiri. Sankhani mbewu zopirira. Bonongwe amakula msanga, moti pakatha pafupifupi mwezi umodzi mumayamba kuthyola, ndipo luni ndi chisoso sizifuna kunyengerera. Mpiru, repu ndi chayinizi zimakonda nyengo yozizira, kuyambira cha mu Epulo mpaka Julayi, pomwe nkhwani ndi khwanya zimabwera mosavuta m'dzinja. Tomato ndi wokoma, koma ali ngati wodwala wofunika kumuona pafupipafupi, choncho mitengo itatu kapena inayi ndi yokwanira. Chimene chinandipulumutsa kwambiri ndi kuphimbira mabedi ndi udzu wouma kapena mapesi, chifukwa chinyezi chimakhalitsa ndipo ngakhale nditadumphitsa tsiku osathirira, mbewu sizifota. Amene mukukhala m'nyumba za lendi, zopanda malo olima, thumba la feteleza lotha ntchito limakwanira: mudzazemo dothi losakaniza ndi manyowa owola bwino, muboole m'mbali, nkuwokeramo mbande pamwamba ndi m'mabowomo. Tsiku losamuka mumangonyamula dimba lanu pamodzi ndi katundu.

Poti unamwino suchoka m'magazi, mundilole ndichenjeze pa zinthu zingapo. Tizilombo toyambitsa kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, choncho musagwire dothi muli ndi bala losamanga, ndipo mukadzitema ndi khasu kapena kubayidwa ndi msomali, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyera nkubwera kuchipatala kuti tione ngati mukufunika katemera. Mgolo wosungira madzi othirira uzikhala wovundikira, chifukwa madzi ongokhala amaswetsa udzudzu, komanso mwana wamng'ono akhoza kugweramo. Manyowa a ziweto ayambe awola asanafike pabedi la masamba, ndipo masambawo muziwatsuka bwino musanaphike. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mankhwala ophera tizilombo. Ndalandirapo mwana akutuluka thovu kukamwa atamwa mankhwala a mbewu amene anasungidwa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo nkhope ya mayi ake sindidzaiiwala. Pa kadimba kakang'ono mankhwala otere safunika kawirikawiri. Nsabwe za m'masamba zimagonja ndi madzi a sopo pang'ono kapena madzi amene mwaviikamo masamba osinja a nimu, ndipo mbozi zochepa mumangozitola ndi manja. Ngati mwagula mankhwala a m'sitolo, asiyeni m'botolo lake, muwatsekere kutali ndi ana, ndipo mudikire masiku amene alembedwa pa botolopo musanathyole ndiwo.

Phindu la m'thupi likudziwika kale, choncho sinditayapo nthawi. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata ndi kudya masamba ndi zipatso zokwana magalamu 400 pa tsiku, ndipo masamba ndi limodzi mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa kusikelo. Kutipula, kupalira ndi kunyamula kheni zimathandiza pa zonsezi, makamaka kwa amene muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena shuga, ngakhale kuti dimba sililowa m'malo mwa mankhwala amene munapatsidwa kuchipatala.

Ndabweretsa mbewu ya bonongwe imene ndinakolola chaka chatha, ndipo ili m'timapepala pa tebulo apo, kuti aliyense wofuna atenge kamodzi potuluka. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri, choncho muzisakanize ndi mchenga wouma musanafese kuti zisaunjikane malo amodzi, musazikwirire mozama, ndipo masiku oyambirira muzithirira mofatsa kuti madzi asazikokolole. Amfumu, ine ndalekera pomwepa, ndipo ngati pali mafunso ndili pano.