Makalata a Omvera: Ngati Kachilombo Sikakuoneka, Kapita Kuti?

Tabweranso, omvera. Ndiyambe ndi kalata ya mayi wina amene wapempha kuti dzina lake ndisalitchule.

"Ndakhala ndikumwa ma ARV zaka 9 osadumphitsa. Ulendo wapitawu atandiyeza magazi anandiuza kuti kachilombo sikakuoneka. Ndinatuluka m'chipindamo ndikupukuta misozi yachimwemwe. Koma usiku, botolo la mapiritsi lili m'manja, ndinadzifunsa kuti ngati sikakuoneka, ndikumweranjinso? Kodi sindinachire?"

Mayi, zaka 9 osadumphitsa si masewera, mwalimba mtima. Koma chonde, botololo musalisiye.

Makina oyezera magazi aja amawerenga tizilombo toyenda m'magazi. Mankhwala akaletsa kachilombo kuswana, tizilomboto timachepa mpaka makina osapeza kanthu. Vuto n'loti HIV ikalowa m'maselo a CD4, aja timati asilikali a m'thupi, imalukira malangizo ake mu DNA ya seloyo, momwe selo limasungira malangizo akeake. Ena mwa maselowa amagona zaka ndi zaka, kachilombo kali phee m'kati. Mankhwala amagwira kachilombo koswana, osati kogona. Chitetezo cha m'thupi nachonso chimangodutsa, poti selo logona silionetsa chizindikiro. Ofufuza anatsimikiza zimenezi mu 1997. Munthu akasiya mankhwala, nthawi zambiri pamangopita milungu yochepa kachilombo n'kuonekanso m'magazi.

Mwina munamva za Timothy Ray Brown amene anachira ku Berlin. N'zoona. Koma iye anali ndi khansa ya m'magazi, ndipo mu 2007 madokotala anamuika maselo ochokera kwa munthu wobadwa wopanda khomo lotchedwa CCR5, lomwe HIV imalowerapo. Chithandizo chimenecho n'choopsa, chimatha kupha, moti mwa anthu amene ali ndi HIV amachipereka kwa odwalanso khansa okha.

Komabe mayi, misozi ija sinagwe pachabe. Mu 2011 kafukufuku wa HPTN 052 anapeza kuti kuyamba mankhwala msanga kumachepetsa kupatsirana pakati pa okwatirana ndi 96 peresenti. Kafukufuku wotsatira, wa PARTNER, sanapeze ngakhale mmodzi amene anatenga kachilombo kwa wokondedwa wake amene tizilombo take sitinkaoneka. Ndiye amene mumagona naye chipinda chimodzi ngotetezeka malinga inu mukumwabe ndipo kachilombo sikakuonekabe. Ine nkhani imeneyi imandigwira mtima nthawi zonse ndikamainena pano.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata, yaifupi koma yaukali.

"Katemera wa COVID-19 anapezeka chaka chisanathe. HIV inadziwika mu 1983, mpaka lero katemera kulibe. Akutibisira chiyani? Nanga jakisoni wa kawiri pachaka amene ndikumvayu, si katemera ameneyo?"

Achimwene, mkwiyo wanu ndikuumvetsa, koma chobisika palibe. Katemera amaphunzitsa thupi kuzindikira nkhope ya kachilombo. Kachilombo ka chikuku nkhope yake sisintha kwenikweni, n'chifukwa chake katemera wake wagwira ntchito kuyambira 1963. HIV imasintha nkhope mofulumira, kunja kwake imadzikuta ndi timashuga kuti isagwidwe, ndipo imapha asilikali omwewo ofunika kutsogolera nkhondo. Anthu ayesa. Ku Thailand, zotsatira za mu 2009 zinaonetsa katemera woteteza ndi 31 peresenti yokha. Atamukonza n'kukamuyesa ku South Africa, kafukufukuyo anaimitsidwa mu 2020 poti sankateteza. Panopa maso a ofufuza ali pa anthu ochepa amene matupi awo, patapita zaka, amapanga ma antibody (zida za chitetezo cha m'thupi) otha kugwira mitundu yambiri ya HIV nthawi imodzi. Akufuna njira yophunzitsira thupi lililonse kuwapanga.

Jakisoni mukunenayo ndi lenacapavir, ndipo ndi mankhwala, osati katemera. Mu 2024, pa kafukufuku wa ku South Africa ndi Uganda, mwa atsikana ndi amayi oposa 2,000 amene anabayidwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga kachilombo. Koma sasiya phunziro lililonse m'thupi. Mankhwalawo akatha, chitetezo chimathera pomwepo, ndiye pakatha miyezi 6 muyenera kukabayitsanso. Musanayambe amayamba akuyezani kuti atsimikize kuti mulibe HIV, ndipo ku chindoko ndi chinzonono jakisoniyu sakutetezani.